Chingwe m'Dambo la Chibanja

Ana anga ndi inu zidzukulu, za ubwana wanga ku Nkhata Bay sindilemba, chifukwa amene angazitsutse ndi ambiri ndipo ena akali moyo. Ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa. Ndikulemba m'Chichewa popeza inu a ku Lilongwe Chitonga chimangokudutsani m'makutu, ndipo ndikulemba ndi dzanja langa. Wolembera mnzake amathiramo mchere wake.

Novembala, chaka changa choyamba pantchito

Ndinafika ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya chipani chimodzi, ndili ndi setifiketi ya kutayipa ndi khadi la chipani limene ndinkalimangirira pamfundo ya chitenje, popeza wopanda khadi ngakhale mumsika sankalowa. Anandilemba pa ofesi ina yoona za mitengo ndi nyama zakutchire. Dzina lake silofunika. Ndinapeza chipinda ku Chibanja, pafupi ndi dambo limene limagundana ndi mpanda wa waya wa bwalo la ndege. Pantchito ndinkalonjera aliyense koma sindinkacheza ndi wina aliyense. Mapepala a kaboni ndikatayipira ndinkawang'amba ndekha, chifukwa kaboni amasunga mawu onse ndipo sasankha womuwerenga. Anzanga ankati ndine wonyada. Ndinawalola, kunyada sikunamangitsepo munthu.

Bwana wathu anali mzungu wamtali, wowerama msana, amene antchito ankawatchula kuti a Kayuni, ndiko kuti kambalame m'Chitumbuka, chifukwa ankatha kusiya msonkhano pakati n'kuthamangira pawindo akamva kulira kwachilendo. Sabata yachitatu anandipeza ndikulimbana ndi riboni yofwifwa ya makina otayipira imene ndinali nditaitembenuza kale katatu. Anandifunsa m'Chichewa chawo chopunduka, "Miss Manda, maso anu ndi abwino?" Ndinati, "Zitengera chimene mukufuna kuti ndione, bwana." Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundipatsa magalasi oonera kutali. Anandifotokozera kuti kwawo masamba akatha kuyoyoka ndipo chisanu chikayamba kuluma, mbalame zina zimathawa, n'kufika kuno pamodzi ndi mvula yoyamba. Kulikulu ankafuna lipoti chaka ndi chaka la mbalame zimenezo, tsiku limene zafika ndi malo amene zaoneka. Amesinjala amene ankapita nawo kale anali atawatopetsa, chifukwa chilichonse chouluka ankangoti, "Yes bwana, ndi yomweyo."

Ine sindinakhulupirire. Kambalame kolemera ngati dzira, kuwoloka nyanja yamchere ndi chipululu? Ndinati mzunguyu akundiyesa kuti aone ngati ndine wovomera zilizonse. Koma ndinapita, ndipo ndinkalemba ndekha zimene ndaona m'buku la chikuto chobiriwira. Anamzeze a pakhosi pofiira, adokowe oyera, tiakabawi tokhala m'mizere pamawaya. Patatha zaka zitatu bukulo linandigonjetsa. Mbalame zija zinkafika masiku pafupifupi omwewo chaka chilichonse, popanda woziitana, popanda woziopseza. Munthu sindinamuonepo akusunga pangano chotero.

Koma inalipo imodzi imene a Kayuni ankaisowera tulo. M'buku lawo la zithunzi inalembedwa kuti corncrake. Dzina lake lakuno sindinalipeze, ngakhale ndinafunsa okalamba a ku Msongwe amene ankatchera misampha. Imeneyo magalasi saithandiza. Ikafika kuno siilira, siikhala pamtengo, ndipo m'malo mouluka imathamanga pansi pa udzu ngati mbewa. Njira yoionera ndi imodzi. Mumatenga chingwe chachitali cha khonje, n'kumangirirapo zitini zokhala ndi timiyala. Anthu awiri agwire uku ndi uku, ayende mofanana, chingwe chikukhwekhwereza pamwamba pa udzu. Phokoso likaifika pamsana, imadzuka. Koma mmodzi akafulumira, kapena akakweza chingwe kuti chisakole, mbalame imangogona pansi chingwe n'kuidutsa. Akazi sitinkaloledwa kuvala buluku masiku amenewo, ndiye ndinkalowa m'dambo ndi diresi lalitali ndi magambutsi, n'kutuluka nditanyowa mpaka m'chiuno. Pa zaka zisanu tinaidzutsa kasanu ndi kawiri. Malo alionse amene yadzukira ndinkaikapo kamtanda pamapu amene ndinajambula kumapeto kwa buku, oonetsa dambo, chulu, ngalande ndi mpanda wa bwalo la ndege.

Meyi, chaka chachisanu ndi chimodzi

Tsiku lina m'mawa tinapeza ofesi ya a Kayuni ili yotseka. Anali atauzidwa kuti atuluke m'dziko tsiku lisanathe. Chifukwa chake sindinachimve, ndipo sindinafunse. Nditatsegula dirowa yanga ndinapeza magalasi ndi buku lobiriwira zili pansi pa mapepala, popanda kalata.

M'malo mwawo munabwera a Gondwe, munthu wofatsa, wopemphera, wamantha kwambiri. Ankatseka windo asanayankhule ngakhale za tiyi. Anandiitana n'kundiuza kuti za mbalame ndizisiye, nati, "NyaManda, viyuni ivi vilekeni. These are not the times." Koma kalata ya kulikulu yofuna lipoti inabwerabe pa nthawi yake, chifukwa kulikulu palibe amene anakumbukira kuiletsa. A Gondwe anaitembenuza uku ndi uku nati, "Ingotayipani za chaka chatha, musinthe masiku pang'ono. Ndani akawerenge?" Ndinati, "Ndikawerenga ndine, bwana." Anapukusa mutu, koma sanandiletse. Mafuta a galimoto kunalibe, mapensulo ankatipatsa imodzi pa miyezi itatu, ndiye ndinkayenda wapansi mbandakucha ndisanapite kuntchito, kapensulo kanga kofupika ngati chala ndikukasunga m'tsitsi. Mbalame zooneka ndi magalasi ndinkazilemba zonse. Koma chingwe chimafuna anthu awiri, ndipo panalibe munthu m'Mzuzu monse amene ndikanamupempha kuti alowe nane m'dambo mbandakucha, iye n'kusakanena kwina. Zaka ziwiri pamzere wa mbalame ija ndinalembapo mawu omwewo: sinaoneke, chingwe sichinakokedwe. Mawu amenewo ankandiwawa ngati dzino.

Kumapeto kwa Novembala, chaka chachisanu ndi chitatu

Chaka chimenecho mvula inachedwa, kenako inagwa yamphamvu katatu m'sabata imodzi, ngumbi n'kutuluka. Panthawi yomweyo kunamveka kuti mtsogoleri wa dziko adzatera pabwalo la ndege Lachiwiri la sabata yotsatira. Amayi tonse a ku Chibanja tinkaphunzira magule madzulo alionse. Inenso ndinkavina, musaganize kuti agogo anu anali olimba mtima kuposa anzawo. Lachitatu m'mawa ndinakwera pachulu ndi magalasi, chifukwa tiakabawi tinali titadzaza pawaya wa mpanda kudikira ngumbi. Ndinatiwerenga, ndinalemba, ndinapita kuntchito. Nditaweruka ndinapeza uthenga woti ndikaonekere kwa a tcheyamani a nthambi ya chipani, ndipo nditenge zimene ndinali nazo pachulu.

A tcheyamani anali a Msiska, a golosale, munthu wonenepa wokonda suti ya bulauni ndi baji pachifuwa. Pambali pawo panakhala NyaJere, mtsogoleri wa amayi, amene ankatiimbitsa nyimbo, wa maso osaphethira. A Msiska anandilonjera bwinobwino, "Monire amama, mwatandala uli?" kenako anatambasula dzanja. Ndinawapatsa buku. Anatsegula masamba mosawerenga mpaka anafika pamapu.

"Uwu ndi mpanda wa bwalo la ndege?"

"Ndi womwewo, adada."

"Ndipo timitanda iti?"

"Ndi pamene mbalame inadzukira."

"Mbalame." Anayang'ana NyaJere. "Mwamva, amama? Kayuni. Bwana wake anathamangitsidwa m'dziko, iyeyu watsala ndi magalasi, akujambula bwalo la ndege sabata imene tikuyembekezera alendo, ndiye akuti kayuni."

NyaJere anati, "Ine ndakulira muno. Mbalame za m'dambo ilo ndazidya zonse. Ndi iti imene imafuna mapu?"

A Msiska anatseka buku n'kuliika pansi pa chigongono. Anati iwo nkhani yotere sangaisunge. Lolemba m'mawa adzaipereka kwa apolisi aja osavala yunifolomu, pamodzi ndi mwini wake. Inu ana a lero simungamvetse. Anthu ankapita kumeneko chifukwa cha zochepa kuposa mapu, ndipo ena sitinawaonenso. Amayi anu Esnati, mwana wanga, anali ndi zaka zinayi, bambo awo atamwalira kale, ndipo ndikanatengedwa panalibe wowasiyira.

M'mawa mwake a Gondwe anatseka windo ndi chitseko chomwe. Anali atamva kale, sindikudziwa kwa yani. Anandinong'oneza kuti, "Mukanene kuti buku ndi la mzungu. Munalipeza m'dirowa, mumafuna kulipereka. Magalasi mumangoyesa. I will support you." Ndinaganiza kuti munthu amene akunong'ona ali muofesi yake yomwe adzatani akadzamuika pampando wa kupolisi. Komanso buku lonse linali m'zilembo zanga, ndipo aliyense wa pa ofesi akanatha kuchitira umboni. Bodza limenelo linali ndi mabowo ngati dengu. Ndinawathokoza, ndipo masana ndinabwerera kugolosale.

"Adada, ndipatseni m'mawa umodzi. Mbalame ija ndikuonetsani ndi maso anu, pamalo pamene pali timitanda. Ikapanda kuoneka, Lolemba ndidzabwera ndekha, simudzavutika kunditumira anthu."

A Msiska anati Loweruka masana achinyamata a chipani adzatchetcha udzu wonse wa m'mbali mwa mpanda kuti malo aoneke bwino. Ngati ndikufuna masewera anga, akhale Loweruka m'mawa. Anati adzatuma anthu awiri oti andithandize.

"Yayi, adada. Chingwe mudzagwira ndinu."

"Ine? M'matope?"

"Wotumidwa akadzabwera kudzanena kuti anaona, mudzati ndamugula. Akadzati sanaone, ine ndidzati anakweza chingwe dala. Mugwire nokha, NyaJere adzaime pachulu aziona tonse awiri."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana, koma NyaJere anaseka nati, "Wanena zoona. Pitani mukanyowe, a tcheyamani, mimbayo ipepukeko."

Kunena zoona, ndinalibe chitsimikizo chilichonse. Zaka ziwiri ndinali ndisanaione. Chimene ndinali nacho ndi buku, ndipo buku linali kwa iwo. Koma ndinkalidziwa pamtima: kasanu mwa maulendo asanu ndi awiri aja, mbalame inadzuka patangotha masiku ochepa ngumbi zitatuluka, chakumunsi kwa ngalande kumene udzu suuma. Lachisanu ndinasomola chingwe chakale, ndinasintha zitini ziwiri zadzimbiri, ndipo ndinamuchapira Esnati zovala zake zonse n'kuzipinda m'kathumba, kuti zikavuta wina asavutike kuzifuna.

Loweruka lake

Tinakumana kukungoyera, kuli nkhungu ya ku Mzuzu ija yonyowetsa popanda mvula. A Msiska anabwera ndi suti yomweyo, atapinda buluku mpaka m'mawondo, baji ili pachifuwa, buku langa lili m'thumba la jekete. Tisanayambe ndinati, "Ndinene kaye mmene ilili, kuti pasadzakhale mkangano. Imachokera ku Ulaya, ndipo ndi yaikulu pang'ono kuposa chinziri. Mapiko ake ndi ofiirira ngati njerwa yootcha. Ikadzuka miyendo imalendewera pansi ngati yathyoka. Siipita kutali, imauluka mwaulesi n'kugweranso muudzu. NyaJere, mwamva?" Anati, "Ndamva, mapiko a njerwa, miyendo yolendewera." Anakwera pachulu.

Ulendo woyamba a Msiska ankathamanga kuti athane nazo. Ndinaima. "Adada, pang'onopang'ono. Muyende ngati muli pamaliro." Anadandaula, koma anachepetsa. Zitini zinalira, khwekhwere, khwekhwere. Munatuluka atimba awiri ndi chule. Ulendo wachiwiri, chimodzimodzi. Nsapato imodzi ya a tcheyamani inatsalira m'matope ndipo anaizula akutukwana m'Chitumbuka mawu amene sindilemba pano. Dzuwa linayamba kuboola nkhungu. Kutali, kumsewu, ndinamva achinyamata akunola zikwakwa pamwala.

Ulendo wachitatu, pakati penipeni pa chingwe, china chake chinabuka muudzu, prrrr, n'kuthamanga mumlengalenga molunjika ngati mwala wa legeni. A Msiska anaponya chingwe pansi. "Ndi imeneyo! Yabulauni, ndaiona. Basi amama, nkhani yatha, tiyeni tizipita. Ndazizidwa chomene."

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse, chifukwa pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito sindinayesedwepo ngati pamenepa. Chitseko chinali chitatseguka. Ndikanangoti inde, bwenzi ndikupita kwa mwana wanga. Koma chimene chinadzukacho chinali chinziri, chinziri wamba cha m'munda. Ndinayang'ana pachulu. NyaJere anali ataika manja m'chiuno, akundiyang'ana ine osati mbalame. Mayi amene anati wadya mbalame zonse za m'dambo sangasokoneze chinziri. Kaya ankandiyesa, kaya akanandisungira chinsinsi, sindikudziwa mpaka lero. Ndinangoona kuti ndikavomera, moyo wanga wonse udzakhala m'kamwa mwa NyaJere, ndipo tsiku lililonse limene tingakangane pa mpopi angathe kuulavula. Komanso mkati mwangamu munali kanthu kena kouma, kosafuna kuti zaka zisanu ndi zitatu zolemba zoona zithere pa chinziri.

"Ayi, adada. Chimenecho ndi chinziri."

"Amama, ndikukuthandizani!"

"Ndikuona, yewo. Koma miyendo mwaiona ikulendewera?"

NyaJere anafuula ali pachulu, "Tolani chingwe, a tcheyamani. Ndi chinziri icho, ngakhale mwana angakuuzeni."

Anatola. Nkhope yawo inali itasintha, ndipo ndinadziwa kuti chifundo chawo ndachitaya, sichibweranso. Anati, "Kawiri kokha. Ndili ndi golosale yotsegula." Ulendo wachinayi sitinadzutse kanthu. Panatsala kachigawo kamodzi, kumunsi kwa ngalande, kumene udzu unali wofika m'chiuno ndipo pansi pake pali madzi. Ndinawauza kuti titsikire kumeneko. Anati, "Muli njoka umo." Ndinati, "Zilimo, koma zimaopa zitini." Tinalowa. Ndinkawerenga mapazi mumtima, maso ali pachingwe, ndikuonetsetsa kuti mbali yawo isakwere. Chingwe chinakola pachitsa, ndipo iwo anafuna kuchinyamula kuti chidumphe. Ndinakuwa, "Musakweze! Kokani pansi!" Ndinali ndisanamukuwirepo munthu wa chipani chiyambire. Anakoka, chitsa chinagwedezeka, zitini zonse zinalira pamodzi.

Inadzukira pafupi ndi mapazi awo, osati anga. Inakwera movutikira ngati nkhuku yonyowa, mapiko ofiira akuwala padzuwa la m'mawa, miyendo iwiri ili lende pansi. Inauluka mtunda wochepa chabe n'kudzigwetsa muudzu ngati nsanza. A Msiska anaiwala Chichewa. "Malundi! Wonani malundi ghake!" Ankaloza, akudumpha m'madzi, suti yonse matope. "NyaJere, mwayiwona? Miyendo! Ngati yathyoka, nadi!" NyaJere anatsika pachulu pang'onopang'ono nati, "Ndaiona. Imeneyo sindinaidyepo."

"Ndiye mukuti yachokera ku Ulaya? Ndi kuuluka kwaulesi kumeneko?" anafunsa a Msiska.

"Imauluka usiku, adada. Masana imadzionetsa ngati yopusa."

Anatulutsa buku m'jekete. Anatsegula pamapu, anayang'ana ngalande, anayang'ana timitanda, anagwedeza mutu. Kenako anang'amba tsamba la mapulo n'kulipinda m'thumba. "Ili lokha simulitenga. Ndipo magalasi anu asadzalozenso kumpanda." Sindinatsutse. Dambolo ndinali nalo m'mutu. Ndinasolola kapensulo m'tsitsi, ndinatsamiritsa buku pabondo, n'kulemba tsiku, nthawi, malo, ndi mawu akuti: imodzi, yadzutsidwa ndi chingwe. Kenako ndinawapatsa pensulo.

"Musayine apa, adada. Lamulo la bukuli ndi loti wogwira mbali ina ya chingwe alembe dzina lake, ndi woonerera yemwe."

Lamulo limenelo kunalibe. Ndinalipeka pomwepo, madzi ali m'magambutsi. Koma a Msiska anali akadali ndi chimwemwe cha mbalame, ndipo anasayina ndi zilembo zikuluzikulu, n'kuwonjezera pansi pake udindo wawo wonse wa m'chipani. NyaJere anandiyang'ana nthawi yaitali asanalandire pensulo, koma analemba. Nditatseka buku ndi pamene a tcheyamani anazindikira. Ngati bukulo linali mlandu, tsopano tinalimo atatu. Anakanda m'mutu, anayang'ana dzanja lawo ngati lawapereka, nati, "Amama, ndinu oopsa chomene."

"Yewo, adada," ndinatero, ndikukulunga chingwe.

Masana achinyamata anatchetcha udzu wonse mpaka kungalande. Amene anakandinenera sindinamudziwe, ndipo pa chifukwa chimenecho ndinapitiriza kulonjera onse mofanana. Lolemba m'mawa ndinamuveka Esnati diresi la m'kathumba kaja, ndinamusiya kwa woyang'anira ana, ndipo nthawi ya hafu seveni ndinali pa makina anga. A Gondwe analowa, anandiona, anaima pakhomo pakamwa pali yasa. Ndinawapatsa lipoti la chaka chimenecho kuti asayine, mzere uliwonse uli wodzaza.